Luso loyeza zinthu ndi kuwala lisathere m'mafoni odula okha

Mu 2017 kampani ya Apple itatulutsa foni ya iPhone X, yomwe imatseguka ikangoona nkhope ya mwini wake, anthu ambiri anangoti kukamwa yasa. Foniyo imawaza pankhope timadontho toposa 30,000 ta kuwala kosaoneka ndi maso, n'kuyeza mmene mphuno yatulukira komanso mmene maso alowera. Koma lusoli silinabadwire m'foni. Akatswiri amalitcha structured light, ndipo mtundu wake wosavuta umangofuna zinthu zitatu zomwe makoleji ambiri ali nazo kale: pulojekita, kamera ndi kompyuta. Palibe chifukwa chomveka choti ophunzira azingolimva m'mabuku.

Mmene limagwirira ntchito ndi chonchi. Mphika wadothi umaikidwa patebulo m'chipinda chamdima, ndipo pulojekita imauunika ndi mizere yoyera ndi yakuda. Pakhoma losalala mizereyo imaoneka yowongoka, koma ikafika pamimba ya mphika imakhota, ngati mizere ya chitenje mayi akachimanga m'chiuno. Kamera yomwe ili chapambali imajambula kukhotako.

Kuti kompyuta idziwe mzere uliwonse payokha, pulojekita imaonetsa zithunzi motsatizana. Choyamba chimakhala theka loyera, theka lakuda. Chachiwiri chimagawidwa panayi, chachitatu pa 8, ndipo mizere imanka nicheperachepera mpaka kuonda ngati ulusi. Kadontho ka pakhosi pa mphika kakawala, kompyuta imalemba 1. Kakakhala mumdima, imalemba 0. Zithunzi 10 zikatha, kadonthoko kamakhala ndi nambala yakeyake yosonyeza kuti kakhudzidwa ndi mzere uti mwa mizere 1,024. Kuwonjezera chithunzi chimodzi chokha kumafikitsa mizereyo pa 2,048. Popeza mtunda wa pakati pa kamera ndi pulojekita ndi wodziwika, chotsala ndi masamu a makona atatu omwe ana amaphunzira kusekondale, ndipo mphika wonse umatuluka pakompyuta ndi miyezo yake.

Njira imeneyi inafotokozedwa mu 1982 ndi akatswiri awiri, Posdamer ndi Altschuler. Inali ndi vuto m'malire a mizere. Powerenga ndi 0 ndi 1 basi, nambala 7 imalembedwa 0111 pomwe 8 imalembedwa 1000, kutanthauza kuti manambala onse anayi amasintha nthawi imodzi. Kamera ikaphonya pang'ono pamalire oterowo, kadontho kamaponyedwa kutali ndi malo ake enieni. Mu 1984 Inokuchi ndi anzake ku Japan anagwiritsa ntchito kawerengedwe ka Frank Gray, katswiri wa ku Bell Labs yemwe boma la America linavomereza luso lake mu 1953. M'kawerengedwe kameneka, mizere yoyandikana imasiyana pa nambala imodzi yokha, choncho kamera ikalakwitsa, kadontho kamangotsetsereka mzere umodzi.

Ena anganene kuti zimenezi ndi zachikale. Ayi ndithu. Mu 2003 Daniel Scharstein wa ku Middlebury College ndi Richard Szeliski wa ku Microsoft anagwiritsa ntchito mizere yomweyi popanga miyezo yolondola yoyesera mapulogalamu oona kutalika kwa zinthu pazithunzi, ndipo ofufuza padziko lonse akhala akudalira miyezo ya Middlebury. Mu 2009 Douglas Lanman ndi Gabriel Taubin a ku Brown University anakonza maphunziro osonyeza munthu mmene angadzipangire yekha makina otere. Pulogalamu yaulere ya OpenCV nayo ili ndi gawo lopanga mizere ya Gray ndi kuimasulira.

Zofooka zake zilipo, ndipo wophunzira ayenera kuziona ndi maso ake. Chinthu choyezedwacho chisagwedezeke mpaka zithunzi zonse zithe. Dzuwa likalowa pawindo, mizere imazimiririka. Galasi limadutsitsa kuwala, chitsulo chonyezimira chimakubweza, ndipo nsalu yakuda bii imakumeza. Pothana ndi vuto la kugwedezeka, kamera ya Kinect, yomwe Microsoft inatulutsa mu 2010 pogwiritsa ntchito luso la kampani ya PrimeSense ya ku Israel, inkawaza timadontho tosasintha kuti ithe kutsata munthu akuvina kapena kudumpha. Apple inagula PrimeSense mu 2013. Wophunzira amene wavutikapo ndi mizere pamphika amamvetsa msanga chifukwa chake makampaniwa anasankha njira imeneyo komanso chimene anataya poisankha.

Ku Malawi ntchito ya lusoli ndi yoonekeratu. Mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, ofufuza anapeza chibwano cha munthu wamakedzana chotchedwa UR 501, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. M'boma lomwelo munafukulidwa mafupa a chinyama chamakedzana chotchedwa Malawisaurus. Zinthu zoterezi sizingamayendetsedwe m'masukulu, chifukwa zikasweka palibe kozigula. Zitayezedwa ndi kuwala, palibe dzanja lozikhudza, ndipo mwana wa ku Nsanje angazitembenuze pakompyuta n'kuona dzino lililonse. Luso lomweli lingathandize wopanga miyendo yoikirira kudziwa maonekedwe enieni a mwendo wa wodwala, kapena makaniko amene akufuna kusula chitsulo cha chigayo chomwe chasowa m'masitolo.

Makina ogula kunja ndi abwino, koma akawonongeka amakhala m'kabati kudikira katswiri wochokera kutali. Wophunzira amene walumikiza yekha pulojekita ndi kamera, n'kulemba pulogalamu yomasulira 0 ndi 1, amadziwa pogwira zinthu zikasokonekera. Amakhala waphunzira masamu, kayendedwe ka kuwala ndi kalembedwe ka mapulogalamu pantchito imodzi.

Pempho lipite kwa aphunzitsi a sayansi ya kompyuta ndi uinjiniya ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre ndi m'makoleji a ntchito zamanja: patulani pulojekita imodzi ndi chipinda chotchinga bwino mawindo, mupatse ophunzira ntchito yodzipangira makinawa chaka chino. Oyang'anira nyumba zosungira zinthu zakale nawo atsegule zitseko kuti achinyamatawa ayeze chuma chomwe chili m'manja mwawo.