Msana wopweteka umafuna kuyendetsedwa

Mlimi wowerama ndi khasu kuyambira mbandakucha, mayi wosenza ndowa kuchokera kumjigo, wakabaza wokwera chitunda ndi thumba la chimanga, ngakhalenso kalaliki wotandala pampando, onsewa dandaulo lawo ndi limodzi: "Msana wandithera." Ukavuta choncho, ambirife timagula brufen pagolosale n'kukagona pamphasa, ati thupi lipume.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe la zaumoyo la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse ankavutika ndi msana wa m'chiunomu, ndipo pofika 2050 akhoza kukwana 843 miliyoni. Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 madokotala sawapeza ndi nthenda yoti angailoze chala. Ululuwo ukapitirira miyezi itatu, kugona kumangowonjezera moto. Minofu yogwira msana imafooka, munthu amayamba kuopa kuwerama, ndipo mantha omwewo amaumitsa thupi. Malangizo amene WHO idatulutsa mu 2023 amalimbikitsa mafizo, koma amakana malamba omanga m'chiuno. Nayenso brufen, ukamumwa miyezi yambirimbiri, akhoza kubweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso.

Tsono munthu amene akulephera kumanga nsapato zake, mumuuza bwanji kuti achite mafizo? Apa ndi pamene madzi amathandiza. Mukaima m'madzi ofika m'chiuno, miyendo ndi msana zimangonyamula pafupifupi theka la kulemera kwanu. Akafika m'khosi, madziwo amakunyamulirani pafupifupi thupi lonse. Komanso poti madzi amakaniza mwendo ukamakankha, minofu imagwira ntchito popanda kugwedeza mafupa. Sipafunika kudziwa kusambira ayi. Mumangoyenda chamtsogolo, chammbuyo ndi chammbali, kukweza bondo mpaka pamimba, kapena kugwira m'mphepete mwa dziwe n'kumanjuta pang'onopang'ono.

Kafukufuku wina wa ku China, amene adasindikizidwa m'magazini ya JAMA Network Open mu 2022, adagawa odwala 113 m'magulu awiri. Ena ankachita mafizo m'madzi kwa ola limodzi, kawiri pamlungu, kwa miyezi itatu. Enawo ankagona, n'kumaikidwa makina a magetsi ndi otenthetsa msana. Chaka chitatha, a m'madzi aja ndiwo ankagwira bwino ntchito zawo za tsiku ndi tsiku. Taonani kumene kudagona kusiyanako: gulu lina linkadziyendetsa lokha, linalo linkangochitiridwa. M'madzi mulibe mankhwala. Ntchito yake ndi kuchotsa kulemera ndi mantha kuti munthu ayambe kusuntha.

Kwathu kuno funso ndi lakuti madziwo tiwapeza kuti. Maiwe osambiramo ali m'mahotela ndi m'sukulu za anthu opeza bwino. Anzathu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay nyanja ali nayo pakhomo, koma m'madera ena muli likodzo, ndipo mumtsinje wa Shire muli ng'ona ndi mvuu. Wofuna kuyesa asapite yekha, asankhe malo osaya amene eni dera amawadziwa, ndipo azikayezetsa likodzo. Eni maiwe m'tauni nawonso atapatula maola ochepa m'mawa pamtengo wotsika, n'kugwirizana ndi akatswiri a mafizo amene sukulu ya KUHeS imaphunzitsa, anthu ambiri angathandizike popanda kumanga chipatala chatsopano.

Komabe si msana uliwonse wofuna madzi. Ngati miyendo ikuchita dzanzi kapena kufooka, mkodzo ukutuluka wokha, thupi likutentha usiku kapena mukuwonda popanda chifukwa, thamangirani kuchipatala, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana. Achipatala akakuuzani kuti palibe choopsa, musadikire kuti ululu uthe kaye. Dziwe likasowa, yambani ndi kuyenda ndawala mphindi zochepa madzulo ano, mawa n'kuwonjezerako.