Nkhosa ija sinali yopusa

Loweruka lapitali ndinali kumudzi kwa amalume, ndipo madzulo ndinaona mphwanga akulimbana ndi nkhosa pa kangalande ka kuseri kwa khola. Kangalande kake n'koti mwana wa zaka zitatu angadumphe osakwinya nkhope. Koma nkhosa yotsogolera inangoti njo, kuweramitsa mutu, kununkhiza, n'kubwerera m'mbuyo.

"Achimwene, ziweto izi mutu mulibe!" anatero mnyamatayo, kamtengo kali m'mwamba.

Ndinamuletsa. Nkhosayo tinaigwira pachibwano, ndipo ndinamuuza kuti aiyang'anitsitse m'diso. Anadzidzimuka. Chikhalirecho akuweta, anali asanaone kuti mwanadiso wa nkhosa si wozungulira ngati wathu. Ndi kampata kopingasa, kokhala ngati kabowo koponyera ndalama m'kabokosi. Mbuzi nayo ndi chimodzimodzi.

Maso athu ali kutsogolo, awiri onse amagwirira chinthu chimodzi. N'chifukwa chake timalowetsa ulusi pasingano ndi kudziwa kuya kwa dzenje tisanapondepo. Kwa nkhosa sizili choncho. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, ndipo imaona pafupifupi madigiri 300 kuzungulira, pamene ife timathera cha m'ma 200. Galu kapena fisi wozembera chakumbuyo imamuona osatembenuka n'komwe. Vuto ndi loti malo amene maso ake onse awiri amaonera pamodzi ndi ochepa, choncho chithunzithunzi cha mtengo ndi dzenje lenileni zimaisokoneza. Pa kangalande paja inkayeza, siinkachita mwano ayi.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi zimene wofufuza Martin Banks wa ku yunivesite ya ku Berkeley ndi anzake anafalitsa mu 2015, atafufuza maso a mitundu 214 ya nyama. Nkhosa ikaweramira msipu, diso limatembenuka lokha m'malo mwake, madigiri 50 kapena kupitirira, kuti kampata kaja kakhalebe kolingana ndi nthaka. Pakamwa pali pa udzu, maso akulondera dambo lonse. Ine ndikaweramira mbale ya nsima, wakuba akhoza kunyamula njinga pakhonde.

Pa mitundu ya zinthu ndiye timaiposa: diso lathu lili ndi magulu atatu a timaselo tozindikira mtundu, la nkhosa awiri okha, moti chofiira sichiiwalira monga chimatiwalira ife. Komatu nkhope imasunga. Ku Babraham, kufupi ndi Cambridge, ofufuza anapeza mu 2001 kuti nkhosa imakumbukira nkhope za zinzake 50 kwa zaka ziwiri. Anzanga ena a kusukulu ine ndinawaiwala kalekale.

Kutada, ndinabwereka tochi n'kupita naye mphwanga ku khola. Titawalitsa, tinangoona timiyuni tobiriwira tili ngwee, tiwiritiwiri. Kuseri kwa diso la nkhosa kuli kachikopa konyezimira kamene kamabweza kuwala kuti diso likugwiritsenso ntchito kachiwiri, ndipo munthu alibe. Mnyamatayo anandilanda tochi n'kundiwalitsa kumaso kuti atsimikize. Pobwerera kunyumba, amene anapunthwa pa kangalande kaja ndi ine.