Makompyuta a kaunjika a pa Mitundu ndi Nathenje nthawi ikuwathera

Pa 14 October 2025, kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10, pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa makompyuta ambiri m'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu m'dziko muno. Tsikulo lidadutsa mwakachetechete. Palibe kompyuta yomwe idazima, ndipo otayipa makalata pa Mitundu ndi pa Nathenje m'boma la Lilongwe adatsegula mashopu awo m'mawa mwake monga mwa nthawi zonse. Chomwe chidasintha sichioneka ndi maso: kuyambira tsikulo, mipata yomwe akuba a pa intaneti amatulukira mu pulogalamuyi sikutsekedwanso, pokhapokha mwini kompyuta atalembetsa mwapadera.

Mumzinda nkhaniyi ndi ya akatswiri a m'mabanki ndi m'makampani, omwe ali ndi ndalama zosinthira makina. Kummwera kwa Lilongwe, kuchokera pa Nathenje kudzera pa Mitundu kukafika m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama, nkhaniyi ndi ina. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ankagwiritsa ntchito magetsi pounikira, ndipo ambiri mwa iwo adali a m'tauni. Munthu wa kumudzi sakhala ndi kompyuta pakhomo. Kompyuta yake ndi ya pashopu ya pamsika, pomwe amalipira kuti amutayipire kalata yofunsira ntchito, amujambulire chiphaso cha unzika kapena amutsegulire tsamba la pa intaneti. Makina a m'mashopu oterewa kawirikawiri ndi a kaunjika, otha ntchito m'maofesi a ku Ulaya, ku America kapena ku South Africa, ndipo si zachilendo kupeza ena akadali pa Windows 7, yomwe Microsoft idasiya kuisamalira pa 14 January 2020.

Zikadakhala kuti ntchito ya makinawa ndi kutayipa kokha, pakadakhala popanda nkhani. Koma Boma lasamutsira ntchito zake zambiri pa intaneti. Bungwe la Maneb limalembetsa ophunzira olemba mayeso kudzera pa makina. Ofuna malo m'masukulu a ukachenjede a boma amafunsira pa tsamba la bungwe la NCHE, ndipo ofuna ngongole ya maphunziro nawo amadzaza mafomu pa intaneti. Wamalonda yemwe adalembetsa ku MRA amayembekezeka kugwiritsa ntchito Msonkho Online. Masamba onsewa amapangidwa ndi anthu omwe akugwiritsa ntchito makina atsopano, ndipo amayesedwa pa makina atsopano omwewo.

Apa ndi pomwe kompyuta yakale imayamba kutsimphina, ndipo imatsimphina pang'onopang'ono moti mwini wake amaloza chala netiweki. Chrome, pulogalamu yomwe ambiri amatsegulira masamba a pa intaneti, idalekera pa nambala 109 kwa omwe ali pa Windows 7, kumayambiriro kwa 2023. Firefox idalekera pa 115. Tsamba lomwe lapangidwa chaka chino likhoza kutseguka theka, batani lotumizira fomu n'kukana kudinika, kapena chithunzi cha chiphaso n'kukanika kukwera. Palinso nkhani ya ziphaso zomwe masamba amadzitsimikizira nazo kuti ndi enieni. Kompyuta imasunga mndandanda wa ziphaso zomwe imazikhulupirira, ndipo mndandandawo ukakalamba, imayamba kukana masamba abwinobwino n'kumachenjeza kuti ndi oopsa. Zoterezi zidachitikira makina akale ambiri padziko lonse pa 30 September 2021, chiphaso china chomwe bungwe la Let's Encrypt linkadalira chitatha mphamvu. Mwana yemwe wayenda pa kabaza kuchokera kufupi ndi Dzalanyama pa tsiku lomaliza kulandira mafomu sadziwa zonsezi. Iye amangouzidwa kuti sisitimu yavuta, abwerenso mawa.

Ku zipangizo nako kuli msampha wa mbali ziwiri. Pulinta iliyonse imafuna kapulogalamu kotchedwa driver, komwe kamakhala ngati womasulira pakati pa iyo ndi kompyuta. Opanga mapulinta akamatulutsa mitundu yatsopano, amasiya pang'onopang'ono kulemba timapulogalamu ta Windows yakale. Mwini shopu akhoza kusunga ndalama miyezi ingapo, n'kukagula pulinta yatsopano ku Area 2 kapena ku Area 3, koma pofika nayo pa Mitundu n'kupeza kuti kompyuta yake siikuizindikira. Akati agule kompyuta yatsopano n'kuikamo Windows 7 yomwe adaizolowera, nazonso sizitheka bwino, poti Microsoft idakana kale kuthandiza Windows 7 pa makina a Intel a m'badwo wachisanu ndi chiwiri kupita m'tsogolo. Akati akweze kompyuta yakaleyo ifike pa Windows 11, chitseko n'chotseka: pulogalamuyi, yomwe idatuluka mu October 2021, imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena ina yofanana nayo, kutanthauza makina opangidwa cha m'ma 2017 ndi 2018 kupita kuno. Makina ambiri a kaunjika omwe adalowa m'dziko muno zaka zapitazi ndi akale kuposa pamenepo.

Amisiri athu a makompyuta, omwe luso lawo sitingalinyoze, ali ndi njira zozembera malamulowa n'kukakamiza Windows 11 kulowa m'makina osayenera. Zimatheka ndithu. Koma Microsoft idanena poyera kuti makina otere sakutsimikiziridwa kuti azilandira zokonza za chitetezo, ndipo pa makina akale kwambiri, monga a Core 2 Duo, mtundu wa Windows 11 wotchedwa 24H2 sudzuka n'komwe. Kasitomala amalipira ntchito yomwe ikhoza kudzamuthera m'manja tsiku lina lililonse.

Choopsa chachikulu si kuchedwa kwa makina koma zomwe amasunga. Kompyuta ya pashopu imalandira mafulashi a anthu makumimakumi pa sabata, ndipo m'kati mwake mumatsala zithunzi za ziphaso za unzika, masatifiketi a MSCE, makalata a malo ndi manambala a maakaunti a kubanki. Mu May 2017, vayirasi ya WannaCry idatseka makompyuta m'maiko oposa 100, kuphatikizapo a m'zipatala za boma ku Britain, komwe odwala ena adabwezedwa osathandizidwa. Idadzera pa mpata womwe Microsoft idali itatseka kale miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo omwe adagwidwa ndi omwe sadalandire chigambacho. Kompyuta yomwe mwini pulogalamu adaisiya imakhala mumkhalidwe umenewu mpaka kalekale. Ndipo tisaganize kuti Malawi ndi wosauka moti akuba sangamuyang'ane. Mu February 2024, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalowerera makina osindikizira mapasipoti n'kufuna dipo. Ngati adafika pa nthambi ya Boma yomwe ili ndi akatswiri ake, shopu ya pamsika ili ndi mpanda wanji? Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2024 pansi pa bungwe la Macra, limapereka udindo kwa aliyense wosunga uthenga wa anthu ena kuti ausamale. Lamulolo ndi labwino, koma silidabwere ndi kompyuta.

Microsoft idasiya kakhomo kotsegula. Mu 2025 idalengeza kuti mwini kompyuta ya Windows 10 akhoza kulembetsa kuti alandirebe zokonza za chitetezo mpaka pa 13 October 2026, polipira madola 30 kapena mwaulere ngati walumikiza makina ake ku akaunti ya Microsoft. Makampani amalipira madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, omwe mu 2025 adali ndalama zoposa K100 000 pa mtengo wa kubanki, ndipo mtengowo umawirikiza kawiri chaka chilichonse. Masukulu adawaikira dola imodzi yokha pa kompyuta chaka choyamba. Koma zonsezi zimafuna Windows yovomerezeka, pomwe yochuluka m'misika yathu ndi yokopera, komanso njira zolipirazo zimafuna khadi yolipirira kunja m'dziko lomwe ndalama zakunja zikusowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kompyuta yatsopano idachoka m'maloto a wamalonda wamng'ono.

Pali chinanso chomwe chikubwera. Kampani yofufuza za misika ya Canalys idayerekeza mu 2023 kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni akhoza kutayidwa padziko lonse kaamba ka kutha kwa Windows 10. Katundu wotere sathera kudzala kwa eni ake yekha. Wina adzatsikira kuno, wopukutidwa bwino, pa mtengo wokoma, ndipo wina adzabwera ngati mphatso ku masukulu. Wogula laputopu ya kaunjika lero ayenera kufunsa m'badwo wa purosesa asadafunse mtengo.

Izi sizikutanthauza kuti makina akale ndi zinyalala. Dziko lino lili ndi umboni wake. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe pano ndi Kamuzu Central, Gerry Douglas adayamba kugwiritsa ntchito timakina totsika mtengo tomwe tidali titalephera malonda ku America polembera odwala. Ntchitoyo idakula n'kukhala bungwe la Baobab Health Trust, lomwe lidamanga kaundula wa odwala olandira ma ARV pa mapulogalamu aulere a Linux. Mitundu ya Linux monga Ubuntu, dzina lomwe ndi lofanana ndi mawu athu oti umunthu, komanso Linux Mint, imayenda pa makina omwe Windows 11 ikuwakana, imalandira zokonza za chitetezo kwaulere, ndipo Chrome ndi Firefox zatsopano zimagwira bwino. LibreOffice imatsegula zikalata za Word ndi Excel.

Vuto lake ndi anthu, osati makina. Mphunzitsi wa Computer Studies adaphunzira pa Windows ndipo manotsi ake ndi a Windows. Wotayipa makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro amadalira Publisher kapena CorelDRAW, zomwe siziyenda pa Linux popanda kuvutikira. Mmisiri wodziwa Linux ndi wosowa kunja kwa mzinda, ngakhale kuti sukulu ya ukachenjede ya Luanar ku Bunda ili pafupi ndi Mitundu pomwepo, ndipo ili ndi achinyamata omwe angaphunzitsidwe ntchitoyi m'masabata ochepa.

Macra, kudzera mu thumba la Universal Service Fund, yakhala ikumanga zipinda za makompyuta m'masukulu a sekondale oyendera pansi pa ndondomeko ya Connect a School, ndipo mabungwe monga Turing Trust ya ku Scotland, mogwirizana ndi Centre for Youth and Development ya ku Mzuzu, abweretsa makompyuta okonzedwanso m'masukulu ambiri. Ntchitozi n'zoyamikika, koma mwambo wathu ndi wowerenga makina pa tsiku lodula riboni, osati zaka zomwe atsala nazo. Unduna wa Maphunziro ukuyenera kudziwa kuti m'masukulu ake muli makompyuta angati a Windows 7 ndi Windows 10, angati angakwere pa Windows 11, ndipo otsalawo awasamutsira kuti. Ukuyeneranso kuuza opereka mphatso msinkhu wa makina omwe ungalandire, ndi kugwirizana ndi Maneb kuti mayeso a Computer Studies asamangirire wophunzira ku pulogalamu ya kampani imodzi. Kwa mashopu a pa Mitundu ndi pa Nathenje omwe adakwanitsa kulembetsa chaka choonjezera chija, tsiku lomwe Microsoft idalengeza mu 2025 kuti chitetezo chidzatha ndi 13 October 2026. Omwe ali pa Windows 7 akhala opanda chitetezocho kuyambira January 2020.