ZA MASEWERA: Wa Mpira ndi Wa Njinga Akalowa m'Liwiro

Pa bwalo la fumbi ku Linda, mu Lusaka, anyamata omenya mpira madzulo amakonda kudzitama kuti liwiro ndi nchito yapafupi. Amati munthu wopirira mphindi 90 m'bwalo sangalephere mtunda uli wonse. Mau amenewa ali ndi coonadi cace, koma si conse ai.

Awerengi ena adzakumbukila Kabange Mupopo, amene anali kumenya mpira m'timu ya akazi ya Green Buffaloes ndiponso ya dziko lino. M'caka ca 2014 analowa m'liwiro la mamita 400, ndipo caka comweco anatenga malo aciwiri pa mpikisano wa Africa ku Marrakech. Mu 2015 anapata mendulo ya golide ku Brazzaville, ndi inanso mu 2016 ku Durban. Mpira unampatsa mtima ndi mapapo olimba. Koma wa mpira amathamanga nkuima, kuthamanganso nkuyenda, pamene pa mamita 400 palibe popumira, ndipo wosadziwa kugawa mphamvu amauma miyendo cakumapeto. Cacisoni ncakuti mu 2017 anampeza ndi mankhwala oletsedwa, namletsa kupikisana zaka zinai.

Opalasa njinga ndiwo amaona zobvuta zoposa. Lance Armstrong wa ku America, amene pambuyo pace analandidwa ulemu wace wa Tour de France cifukwa ca mankhwala, anathamanga makilomita 42 ku New York mu 2006. Anatsiriza maola atatu atatsala pang'ono kukwana, koma pambuyo pace anampeza ndi mng'alu pa fupa la msongolo. Pa njinga thupi limakhala pa cishalo, koma pothamanga phazi limagunda pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu. Mtima umazolowera msanga, pamene mafupa ndi mitsempha zimafuna miyezi yambiri. Tsono wopalasa samva phuma, napitiriza, kufikira mwendo utamkana.

Ici cikukhudzanso inu abambo a ku Chipata ndi Katete amene mumakwera zitunda ndi matumba a makala pa njinga. Mphamvu muli nazo ndithu, sitikana. Koma mukafuna kulowa mpikisano wa liwiro, yambani ndi mtunda waufupi pa njira ya dothi, osati pa tala, ndi kupumula tsiku limodzi pakati. Msongolo ukayamba kuwawa pa malo amodzi, lekani, mupite ku cipatala.