Suti Yatidyera Tsiku Lathunthu

Abale anzanga, tiyeni tiuzane zoona. Loweruka lililonse mabanja amakhamukira ku Limbe kukasaka suti ya ukwati. Bambo patsogolo, mayi pambuyo, ana akukokedwa ngati mbuzi zopita kumsika. Sitolo iyi jekete lathina, sitolo iyo tayi sakugwirizana ndi nsapato, mpaka dzuwa kupendeka. Chonsecho n'chovala cha tsiku limodzi, mawa lake chikagona m'sutikesi kudikira njenjete!

Koma tawafunsani anawo ngati anaiona Mandala House, nyumba ya 1882 yomwe ili chiimire mu Blantyre momwemu. Afunseni za tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI, chomwe azigogo athu anaumbira njerwa n'kuchimanga kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi David Clement Scott, m'busa yemwe sanaphunzireko zojambula mapulani. Alendo amachoka kutsidya kwa nyanja kudzajambulitsa pamenepo. Ife timangodutsa pa minibasi titakumbatira majumbo.

"Nthawi inatithera," amatero bambo. Inatha bwanji, achimwene, poti maola atatu munathera kunenerera mtengo wa tayi? Museum ya ku Chichiri ili pamsewu womwewo wochokera ku Limbe. Kutsika pamenepo ndi ana n'kovuta chiyani?