TINAKACHINGAMIRA ACHIMWENE, TINABWERAKO NDI NSIMA YOZIZIRA

Abale anzanga a mumsika, sabata ino tisiye kaye za mtengo wa matimati ndi ziphaso. Ndati ndikuululireni manyazi anga. Ine amene ndimakugawirani nzeru pa tsamba lino ndinadumpha malire atatu, kugona m'basi mausiku atatu, kukachingamira munthu mmodzi, koma ndinalephera kumuona ali kataliko pang'ono ngati kuchoka pa msika wa Limbe kufika pa depoti. Musaseke msanga, pajatu tsoka la mnzako ndi phunziro lako.

Achimwene anga aakulu ali ku Cape Town. Anapita mu 2017 atatopa ndi kabaza. Zaka zisanu anapalasa njinga cha ku Luchenza, kunyamula anthu, matumba a chimanga, mwina mbuzi imene. Kumeneko amasamala maluwa pakhomo pa mzungu wina ku Hout Bay. Bwanayo ataona kuti munthuyu amakwera chitunda cha kuntchito pa chinjinga chakutha osatsikapo, anawapatsa njinga yake yakale ya mpikisano, ya matayala owonda ngati chala, n'kuwalipiriranso kuti alowe nawo mpikisano wa Cape Town Cycle Tour wa mu Malichi 2024. Achimwene anatumiza ndalama yabasi ya anthu awiri, amvekere: "Ubwere ndi amayi adzandione ndikumaliza." Amayi anali asanaone mwana wawoyo zaka zisanu ndi ziwiri.

Mpikisano umenewu si wamasewera ayi. Unayamba mu 1978 ndi anthu mazana asanu okha, lero opalasa amafika pafupifupi 30,000, ndipo zaka zina akwanapo 35,000. Akuluakulu kumeneko amautchulabe kuti Argus, dzina la nyuzipepala imene inkauthandiza. Mtunda wake ndi makilomita 109, kutalika kuposa kuchoka Blantyre kufika Zomba n'kubwerera theka la njira. Amayambira pakati pa tauni, pabwalo lotchedwa Grand Parade, n'kutsikira ku Muizenberg, Fish Hoek ndi Simon's Town, kuzungulira m'mbali mwa nyanja, kukwera phiri la Chapman's Peak, kudutsa mu Hout Bay, kukweranso chitunda chomaliza cha Suikerbossie, n'kukathera ku Green Point pafupi ndi sitediyamu ija anaimangira World Cup ya 2010. Akatswiri amamaliza maola atatu asanakwane. Anthu wamba amapatsidwa maola asanu ndi awiri, ndipo wochedwetsa amamutola pagalimoto pamodzi ndi njinga yake.

Ulendo wopita ambiri a inu mukuudziwa, inu ogula katundu ku Joni. Tinakwera basi pa Wenela, kudinditsa mapasipoti pa Mwanza ndi pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kenaka mzere wosatha uja wa pa Beitbridge. Titafika pa Park Station ku Johannesburg ndinkayesa tafika. Ayi ndithu, kunali kutatsala makilomita 1,400 ena, usiku winanso wathunthu pampando. Amayi miyendo inatupa, koma sanadandaule. Ankangofunsa kuti, "Iwe, kodi mkulu wakoyo wanenepa kapena waonda?"

Zonsezi tinazikonza bwino. Tikiti, pasipoti, kamba wa panjira, nambala ya wotichingamira, zonse ndinalemba m'kabuku. Chimene sitinakonze ndi chaching'ono chomalizira. Loweruka usiku, mpikisano uli mawa, tinakhala pansi mpaka pakati pa usiku kukamba za maliro a kumudzi, za munda wa agogo, za amene wakwatiwa ndi amene banja latha. Za mawa tinangoti mawu awiri. Ine ndinafunsa: "Achimwene, tikumana pati?" Iwo amvekere: "Pothera pomwepo. Ndikangofika ndiimba foni." Basi, pangano lathu lonse linali lomwelo.

Iwo ananyamuka kusanache pa galimoto ya abwana awo. Ife tinadzuka mwaulemu. Alamu anaphika nsima ndi nkhuku n'kuika m'chofundizira, anathiranso thobwa m'chigubu, ati munthu akapalasa chotero safuna zakumwa zachizungu. Tinatuluka cha m'ma 9 koloko, ine, amayi, alamu ndi mwana kumsana. Titafika pa siteji tinapeza msewu wolunjika ku tauni, uja wa m'mbali mwa nyanja wodzera ku Camps Bay, ndi wotseka. Ndiwotu msewu umene njingazo zimadzera. Zimenezi amalengeza masiku angapo tsikulo lisanafike, zikwangwani zinali m'mitengo, koma safunsa anadya phula. Tinakwera minibasi yozungulira kuseri kwa phiri, kudzera Constantia Nek, kutsika pa Wynberg, kukweranso ina yolowa m'tauni. Ndalama yamayendedwe inapita kawiri. Kuchokera pamene minibasi inatitsitsa mpaka ku Green Point tinayenda wapansi, dzuwa likuswa mtengo, amayi akupuma pa mthunzi uliwonse.

Tinafika cha m'ma 12 koloko. Anthuni, ine ndaonapo chigulu pa Kamuzu Stadium tsiku la Bullets ndi Wanderers, koma apa panali pena. Njinga zinkabwera ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa, osaleka. Ndipo onse ndi ofanana: chipewa cholimba kumutu, magalasi akuda kumaso, kabudula wothina. Mayi wokubala sangakuzindikire. Amayi anakuwira anthu anayi osiyanasiyana kuti "Uyo! Uyo!", mmodzi mwa iwo anali mzimayi.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti palibe chimene tikudziwa. Wopalasa aliyense amakhala ndi nambala kumsana ndi panjinga. Nambala ya achimwene sitinailembe. Anthu 30,000 sanganyamukire pamodzi, amawatulutsa m'magulumagulu kuyambira mbandakucha, gulu ili likapita linalo lidikire mphindi zingapo, kotero woyamba ndi womaliza amasiyana maola angapo ponyamuka pokha. Gulu la achimwene sitinalifunse. Malaya amene anavala sitinawaone chifukwa anachoka tili mtulo. Ndiponso "pothera" paja si malo oti munthu n'kuima. Ndi potchinga ndi mipanda mbali zonse, wopalasa akadutsa mzere samulola kuima, amamupititsa kutsogolo kuti asatseke njira ya anzake, kukalandira mendulo ndi chakumwa, n'kukatulukira kutali, kumene ife sitinali kuyang'anako n'komwe.

Alamu anaimba foni. Yathima. Anaimbanso. Yathima. Tinadzamva pambuyo pake kuti achimwene anajambula nyanja ndi mapiri njira yonse kuti adzaonetse amayi, batire n'kuthera pa Chapman's Peak. Nambala ya akazi awo omwe sankaidziwa pamtima, inali m'foni yakufayo. Foni yanga inali ndi khadi la kuno kwathu, inali ngati mwala m'thumba.

1 koloko inakwana, 2 koloko, 3 koloko. Mwana analira mpaka kugona. Kenaka ambulansi inadutsa ikulira. Amayi anakhala pansi pa msewu pomwepo, chitenje kumaso. Amvekere: "Mwandibweretsa kuno kudzatenga maliro." Amayi athu ali ndi BP, ndipo mankhwala awo tinawasiya kunyumba chifukwa tinkati pofika masana tikhala titabwerera. Apo nthabwala zinatha. Ndinayamba kuwerengera mumtima kuti munthu akadwalira kuno, dziko la eni, chipatala sindikuchidziwa, ndalama yatsala yobwererera yokha, nditani ine?

Anatipulumutsa ndi mayi wina amene anaima pafupi nafe, naye akudikira mwamuna wake. Ataona amayi akulira anafunsa chavuta n'chiyani. Anafunsa nambala, ife kukamwa yasa. Anafunsa dzina monga lilili m'pasipoti, n'kulemba pa foni yake. Njinga iliyonse imakhala ndi kachipangizo kowerenga nthawi, ndipo zotsatira zimaoneka pa intaneti. Anatitembenuzira foni ija: munthu wanu anamaliza kalekale, itangopitirira 2 koloko, wapalasa maola asanu ndi theka. Amayi anaimirira n'kululutira pakati pa azungu. Koma funso linatsala: nanga ali kuti?

Anali kuseri kwa sitediyamu, ife tili kuno. Anatidikira pafupifupi maola awiri atatsamira mtengo, mendulo m'khosi, njala ikuwapotokola, nsima yawo ili m'manja mwa alamu mbali inayo. Atatopa anaganiza kuti mwina misewu yotseka ija yatibweza. Galimoto ya abwana inali itapita kale. Minibasi yodzaza anthu silola njinga. Munthu amene wapalasa makilomita 109 anakweranso njinga ija, kupalasa makilomita ena pafupifupi 20 kubwerera ku Hout Bay, kukweranso phiri lomwe lija kuchokera mbali inayo. Cha m'ma 6 koloko foni ya alamu inalira. Anali a neba: "Amuna anu afika, akhala pakhonde, makiyi muli nawo ndinu."

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi. Njinga zija zimadutsa mu Hout Bay momwemo. Tikanangotsika wapansi kuchokera kunyumba, kuyala mkeka pansi pa chitunda cha Suikerbossie pamene aliyense amakwera pang'onopang'ono lilime lili kunja, amayi akanamuona mwana wawo bwinobwino, iye akanawamva akululutira, osalipira ndi kobiri lomwe. Tinasiya fodya ali pamphuno n'kukatsata wa mphepo.

Tsono inu amene muli ndi abale ku Cape Town kapena ku Joni, kumenenso kuli mpikisano wina waukulu wa njinga chakumapeto kwa chaka, tengani izi zimene ine ndinazigula modula.

Musanagone usiku wa pangano, lembani papepala nambala ya wopalasayo, gulu lake, ola lonyamukira ndi mtundu wa malaya ake. Mufunseni kuti amayembekezera kupalasa maola angati, muwonkhetse nokha. Mukatero simuima padzuwa kuyambira 12 koloko kudikira munthu wofika 2 koloko.

Malo okumana akhale chinthu chosasuntha, chokhala ndi dzina, kunja kwa chigulu: chipata chakutichakuti, sitolo yakutiyakuti. Ngati n'kotheka kapaoneni limodzi dzulo lake, muloze ndi chala kuti apa. "Pothera" si malo. Mupanganenso ola lachiwiri: ikakwana 4 koloko tisanaonane, aliyense alunjike kunyumba, ndipo kiyi akhale kwa a neba.

Foni musaiyese pangano. Imatha moto, imagwa, ndipo pachigulu netiweki imavuta. Nambala ziwiri zilembedwe papepala, wopalasayo aike m'thumba pamodzi ndi kandalama. Munthu aliyense angamubwereke foni, koma palibe angamubwereke nambala ya mkazi wake.

Funsani za misewu yotseka, ndipo funsani kuti njingayo ibwerera bwanji. Ambiri timaganiza zokatenga munthu, kuiwala kuti ali ndi chitsulo chosalowa m'minibasi. Pezeranitu wa pikapu, mugwirizane mtengo ndi malo oimika, kutali pang'ono ndi mipanda. Mukumbukirenso kuti nyengo ya kumeneko ilibe chibale: mu 2015 anadula mtunda kufika makilomita 47 chifukwa cha moto wolusa m'mapiri, ndipo mu 2017 mpikisano unalephereka m'mawa womwewo, mphepo ikugwetsa anthu panjinga. Choncho pangano likhale ndi mawu akuti "zikasintha tikumana apa". Okalamba ndi ana musawakokere m'chigulu. Apezereni mthunzi m'mbali mwa njira, madzi ndi mankhwala zili pambali.

Mwina wina akuti, ife za njinga za azungu zikutikhudza chiyani? Zikukukhudzani, mayi. Ndi kangati mwatuma mwana kukachingamira katundu pa Wenela ndi mawu akuti "ukaima pamene basi imafikira", basi n'kufika 2 koloko usiku, foni ya kondakitala yathima? Ndi kangati mwauza mlendo wochokera kumudzi kuti "tikumana mu Limbe", ngati Limbe ndi khonde la nyumba yanu? Makolo athu analibe foni, koma sankasowana. Ankalemba kalata kuti Lachisanu masana pa positi ofesi, ndikapanda kufika mubwerenso Loweruka. Ife foni yatipusitsa, tasiya kupangana.

Tinafika kunyumba mdima utagwa. Achimwene anali gone pakhonde, nsapato atavula, njinga atayitsamiritsa pakhoma. Amayi sanakalipe. Anakhala pansi, kuwagwira miyendo ija n'kumaisisita, amvekere: "Waonda." Achimwene anavula mendulo ija n'kuwaveka amayi m'khosi. Nsima ija tinaidya yozizira, nkhuku yomwe, ndipo palibe anatsala ndi mbamu.

Mendulo ili ku Luchenza, yapachikidwa pa msomali pafupi ndi kalendala. Aliyense wobwera pakhomo amayi amamuuza kuti mwana wawo anapalasa makilomita 109 iwo akuona. Ine ndimangokhala chete. Tionana sabata yamawa, pa tsamba lomwe lino, tsiku lomweli. Mwaonatu, malo ndi nthawi ndatchuliratu.