Njinga yamoto yakale ija: alamu agule kapena asiye?

Mwezi wathawu mlamu wanga, yemwe ndi mlangizi wa zaumoyo m'dera lina la kumapiri ku Ntchisi, anandiimbira lamya tambala asanatsike m'mtengo. Anali atamva kuti bungwe lina mu Lilongwe likugulitsa pa okushoni njinga zamoto zimene alangizi ake anasiya kuyendera. Ndalama anali nazo m'thumba: zonse za soya wa chaka chino, kuphatikizapo zimene mchemwali wanga anabwereka ku banki m'khonde. "Alamu," iye anatero, "inu mumagwira ntchito m'mabungwemo, tiyeni mukandionereko ngati zili zinthu."

Ine ntchito yanga ndi yolemba nkhani ndi kujambula zithunzi, sipanala sindiidziwa kwenikweni. Choncho ndinadutsira ku Biwi kukatenga bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza njinga zamoto kuyambira ndili kupulayimale. Tinapita atatu tsiku loonera katundu.

Owerenga a m'tauni mwina angaone ngati iyi ndi nkhani ya zoseweretsa za amuna. Kwa mlamu wanga si choncho. Midzi imene amayendera ili motalikirana, ndipo nyengo ya dzinja njinga yakapalasa amachita kuinyamula paphewa powoloka makhwawa. Akachedwa, amayi amene anabwera ndi ana kusikelo amabalalika kupita kuminda. Komanso ndalama yomweyo ikanatha kugula malata a nyumba imene yakhala pa lintala zaka ziwiri. Akalakwitsa pogula, ndiye kuti malata palibe, njinganso palibe, koma ngongole ilipo.

Pabwalopo panali njinga zingapo za mtundu wa Yamaha AG200. Aliyense amene anagwirapo ntchito zachitukuko kumudzi, kaya ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe, amaidziwa njinga imeneyi. Inapangidwira alimi a ziweto a ku Australia ndi ku New Zealand, n'chifukwa chake ili ndi makaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, masitandi mbali zonse ziwiri, ndiponso tcheni chotsekeredwa m'chikuto kuti matope ndi mchenga zisachidye. Injini yake ndi ya 196cc, yosathamanga kwenikweni koma yopirira. Bungwe la Riders for Health lakhala likuigwiritsa ntchito m'maiko angapo a mu Africa, ndipo mbiri ya bungweli ikukhudza nkhani yathuyi. Linabadwa pamene Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi katswiri wa mipikisano ya njinga zamoto, Randy Mamola, anazindikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti njinga zambiri zoperekedwa kwa ogwira ntchito zaumoyo zinkangokhala kuseri kwa zipatala, zitafa chifukwa chosowa chisamaliro chaching'ono chabe. Apa ndi pamene pagona chiyembekezo cha wogula njinga yakale: zina mwa izo sizinathe, zinangotayidwa. Vuto ndi kusiyanitsa yotayidwa ndi yothaitha.

Maso a mlamu wanga anagwera pa ina yonyezimira, ya penti watsopano ndi mpando wosokedwa kumene. Makaniki uja sanaiyang'ane n'komwe thanki. Anagwada, natulutsa tochi, n'kuunika pansi pa khosi la njingayo, pamene fulemu imagwira mafoloko a tayala lakutsogolo. Kenaka anandigwira dzanja kuti ndikhudze. Pansi pa pentiyo panali chotupa cha kuwotcherera. "Iyi inagundapo, bwana," anatero motsitsa mawu. Anatiuza tiime kumbuyo kwake patali pang'ono, ndipo tinaona tokha kuti matayala awiriwo sanali pa mzere umodzi. Akuluakulu sananame za chikomekome cha mkuyu. Injini ikatha mumaikonza, koma fulemu yothyoka pakhosi imadzakuthyokeraninso tsiku lina mukutsika chitunda mutanyamula munthu kumbuyo.

Imene bamboyo anataya nayo nthawi inali yonyansa kuiona: mpando wong'ambika, magalasi palibe, akangaude atamanga m'masipoko. Choyamba anakhudza injini ndi chikhatho kuti atsimikize kuti ndi yozizira, pakuti ogulitsa ena amayamba aitenthetsa njinga kuti wogula asaone mmene imavutira kulira m'mawa. Anaponda kiki pang'onopang'ono, ndipo mwendo wake unaima pakati, kiki ikukana kutsika. Apo anamwetulira. Kukana kumeneko ndi chizindikiro chakuti pisitoni ndi maring'i zikugwirabe mpweya. Kiki yongotsika ngati mukuponda phala imatanthauza kuti injini iyenera kutsegulidwa. Anatapa oyilo pang'ono n'kumupaka pa chala padzuwa, kufuna kuona ngati muli tizitsulo tonyezimira, umboni wakuti m'katimo zitsulo zikudyana. Munalibe. Titathira petulo watsopano ndi kuyeretsa pulagi, inalira pa kiki yachisanu ndi chimodzi, ikutsokomola, koma yopanda utsi wobiriwira. Pano ndichenjezeko: pa njinga ngati Yamaha DT125, imene imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo mwachilengedwe chake, utsi wotero si matenda. Pa AG200 ndi matenda.

M'thanki ndiye munali dzimbiri. Petulo wa kuno kwathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Njinga ikaima miyezi yambiri, madzi amadikha pansi pa thanki, ndipo petulo wotsala mu kabuleta amasanduka ulimbo. Zonsezi zimatsukika. Matayala ankaoneka ngati akadali ndi mano, koma bamboyo anandionetsa manambala anayi amene amakhala m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Athuwa anali atadutsa zaka zisanu ndi zitatu, mphira wake utayamba ming'alu. Mabuleki, tcheni ndi masipuloketi nazonso zinali zofunika kusintha.

Kenaka mapepala. Ndawaonapo anthu ambiri amene anakonza njinga mpaka kuwala, koma akulephera kuitulutsa pamsewu waukulu. Nambala yodindidwa pa fulemu ndi ya pa injini ziyenera kufanana ndi zolembedwa mu bulubuku, chilembo ndi chilembo, ndipo wogulitsa apereke kalata yosinthira umwini ku nthambi yoona zapamsewu. Pali chinanso chokhudza katundu wa mabungwe: zambiri zinalowa m'dziko popanda msonkho, choncho funsani musanapereke ndalama ngati za ku MRA zinalongosoledwa, ndiponso ngati pali msonkho wotsala, adzalipire ndani. Ku Zambia ndi ku Mozambique maina a maofesi ndi ena, koma funso ndi lomwelo.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuwerengetsa. Apa ndi pamene mtima wanga unagawikana. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya aliyense wochokera kunja anakwera mtengo, ndipo wa AG200 sapezeka pa sitolo iliyonse. Njinga zambiri za ku China zimene akabaza akuyendera zili ndi injini yotengera Honda CG125, imene inatuluka mu 1975 ndipo inapangidwa mwadala kuti izipirira m'maiko mmene anthu sasintha oyilo pa nthawi yake. Sipeya wake mumamupeza ngakhale pa tsiku la msika kumudzi, ndipo mnyamata aliyense wa pa siteji amatha kuimasula. Titaphatikiza mtengo umene tinkayembekezera pa okushoni, zosintha zonse, ntchito ya makaniki, inshuwalansi ndi mapepala, kenaka n'kuwonjezapo gawo limodzi mwa magawo atatu la zinthu zimene zimaonekera pokhapokha mutamasula, chiwerengero chinayandikira mtengo wa yatsopano ya ku China.

Ine ndinanena maganizo anga poyera. Akanakhala kuti akufuna ya kabaza, yoti iyambe kubweretsa ndalama mawa lomwe, ndikanamuletsa. Koma njira za mlamu wanga ndi za miyala ndi matope, katundu wake ndi bokosi la katemera ndi sikelo, ndipo injini ya iyi inali yamoyo, fulemu yowongoka, mapepala olongosoka. Tinagwirizana malire a ndalama amene sadzadutsa ngakhale anthu atakokerana bwanji, ndipo mchemwali wanga anawamva pa lamya n'kuvomereza. Tinagwirizananso ndondomeko yokonzera: mabuleki ndi matayala poyamba, tcheni ndi thanki pambuyo pake, penti ndi mpando zidikire soya wa chaka chamawa.

Yonyezimira ija anailimbirana anthu asanu. Yathuyi tinapikisana ndi munthu mmodzi yekha, ndipo anagonja titatsala pang'ono kufika pa malire aja. Panopa ili ku Biwi, thanki yake ikuuma padzuwa, tikudikira masipuloketi amene wamalonda wina walonjeza kubwera nawo kuchokera ku Johannesburg. Mlamu wanga akupalasabe yakapalasa, ndipo amandiimbira Lachisanu lililonse kufunsa ngati basi yafika.